Kodi $2.04 biliyoni ija munthu anailandiradi?

Funso: Ndimagwira ntchito ya ulonda ku Johannesburg, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ndimagula tikiti ya PowerBall ya R20. Ndinaona pa Facebook kuti ku America munthu mmodzi anawina $2.04 biliyoni. Alamu anga akuti limenelo ndi bodza la eni lotale, palibe amalandira ndalama zotere, ndipo ngakhale wina alandire, ndalama za juga zili ndi tsoka: mwa anthu 10 owina, 7 amafa ali amphawi. Sabata yatha ndalandiranso uthenga pa WhatsApp woti mayi wina wa ku America amene anawina akugawa ndalama kwa osauka. Zoona ndi ziti?

Yankho: Achimwene, alamu anuwo musawanyoze, koma musafulumirenso kuwagonjera. Pa zimene anenazo pena alasa, pena aphonya, ndipo pamene alasapo si pamene iwo akuganiza.

Munthuyo alipo, dzina lake ndi Edwin Castro. Tikitiyo, ya lotale ya ku America yotchedwa Powerball, anaigula pamalo omwetsera mafuta otchedwa Joe's Service Center ku Altadena, m'chigawo cha California. Maere anayenera kuchitika usiku wa pa 7 Novembala 2022, koma chigawo china chinachedwa kutumiza chiwerengero cha matikiti amene chinagulitsa, moti anthu anagona matikiti ali m'manja, manambala n'kudzatuluka m'mawa wa pa 8. Dzina la wowinayo linalengezedwa pa 14 Febuluwale 2023. Iye sanabwere pamaso pa atolankhani, anangotumiza kalata yoti amuwerengere. Mwini sitolo imene inagulitsa tikitiyo, bambo amene anachokera ku Syria, anapatsidwa $1 miliyoni chifukwa chongogulitsa. Pasanathe nthawi Castro anagula nyumba ya $25.5 miliyoni ku Hollywood Hills. Munthu wongopeka sagula nyumba.

Koma $2.04 biliyoni sanaione, ndipo palibe tsiku limene ndalama imeneyo inakhalapo pamodzi. Apa m'pamene alamu anu akhudza choonadi osadziwa. Nambala imene amailemba pachikwangwani ku America ndi kuphatikiza kwa malipiro 30 amene wowina angalandire pa zaka 29, chaka chilichonse akukwera ndi 5 peresenti. Ndalama zenizeni zimene zinali mu mphika tsiku limenelo zinali $997.6 miliyoni. Wowina akasankha kulandira pang'onopang'ono, eni lotale amabwereketsa ndalamazo ku boma la America, n'kumamupatsa chaka ndi chaka pamodzi ndi chiwongoladzanja. Akasankha kutenga zonse nthawi imodzi, monga achitira pafupifupi onse, amangotenga zili mu mphikazo. Zili ngati munthu akugulitseni mbuzi yaikazi imodzi, koma pachikwangwani alembe mbuzi 12 powerengera ana amene idzaswe m'tsogolo. Sananame kwenikweni, koma m'khola mwanu madzulo ano mulowa mbuzi imodzi.

Pa $997.6 miliyoni ija panabwera wamsonkho. Boma lalikulu la America limadula 24 peresenti wowina asanagwire kalikonse, ndipo pomaliza chaka amawonjezera mpaka msonkho ufike 37 peresenti. Castro anachita mwayi kuti California sidula msonkho wakewake pa lotale. Akanakhala wa ku New York akanadulidwanso. Zotsala zinali pafupifupi $628 miliyoni. Ndi ndalama zoti munthu sangazimalize, inde, koma sizifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a nambala imene inu munaona pa Facebook. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Pali chinthu china chimene ine chimandisangalatsa monga munthu wa masamu, ndipo atolankhani ambiri anachidumpha. Pa 13 Januwale 2016, Powerball inapereka jakipoti, kutanthauza mphoto yaikulu, ya $1.586 biliyoni, imene anagawana anthu a matikiti atatu: ku California, ku Florida ndi ku Tennessee. Ndalama zimene zinali mu mphika nthawi imeneyo zinali $983.5 miliyoni. Yerekezani ndi $997.6 miliyoni ya Castro. Pachikwangwani jakipoti ziwirizi zikusiyana ndi $454 miliyoni, koma mu mphika zikusiyana ndi $14 miliyoni yokha. Chinasintha n'chiyani? Mu 2016 chiwongoladzanja ku America chinali pansi kwambiri. Mu 2022 banki yaikulu ya dzikolo inachikweza kangapo pofuna kuthana ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu. Chiwongoladzanja chikakwera, mphika womwewo umalonjeza malipiro ochuluka pa zaka 29 zija, ndiye nambala ya pachikwangwani imafufuma. Mbiri yoti iyi ndiyo jakipoti yaikulu koposa padziko lonse, mbali ina inapangidwa ndi akuluakulu a banki amene sankaganizako n'komwe za lotale.

Ku Ulaya sachita zimenezi. EuroMillions, lotale ya maiko angapo a ku Ulaya imene inayamba mu 2004, imapereka ndalama zonse nthawi imodzi, ndipo ku Britain wowina sadulidwa msonkho. Munthu amene anawina £195 miliyoni mu Julayi 2022 analandira £195 miliyoni. Komanso kumeneko anaika malire: jakipoti ikafika €250 miliyoni sikweranso. N'chifukwa chake manambala a ku Ulaya amaoneka aang'ono mukawaika pafupi ndi a ku America, ngakhale kusiyana kwenikweni sikufika pamenepo.

Nanga ndalamazi zikukuliranji chonchi zaka zino? Kufikira 2015, jakipoti yaikulu koposa ku America inali $656 miliyoni ya lotale ina yotchedwa Mega Millions, ya mu Malichi 2012. Sikuti pambuyo pake Aamerika anayamba kulota manambala bwino ayi. Eni masewerawa anaona kuti anthu azolowera, $100 miliyoni sinkawadzutsanso pampando. Mzere pasitolo umatalika jakipoti ikafika poti wailesi za kanema zayamba kuikamba m'nkhani, pamene ngakhale agogo amene sanagulepo tikiti amatuma mdzukulu. Ndiye njira yake ndi kuchititsa kuti jakipoti izikhala nthawi yaitali osagwa. Mu Januwale 2012 tikiti ya Powerball inakwera kuchoka pa $1 kufika pa $2. Mu Okutobala 2015 anawonjezera timipira toyera, mmene mumatuluka manambala 5 oyamba, kuchoka pa 59 kufika pa 69, n'kuchepetsa tofiira, mmene mumatuluka nambala yomaliza, kuchoka pa 35 kufika pa 26. Kusinthaku kunali kwa ukathyali wanzeru: timphoto ting'onoting'ono tinayamba kugwa kawirikawiri, kuti wosewera azimva ngati watsala pang'ono, pamene mwayi wa jakipoti unachoka pa umodzi pa 175 miliyoni kufika pa umodzi pa 292,201,338. Patangotha miyezi itatu, $1.586 biliyoni ija inabadwa. Mega Millions inatsatira mu Okutobala 2017, tikiti n'kufika pa $2, mwayi n'kukhala umodzi pa 302,575,350, ndipo chaka chotsatira inapereka $1.537 biliyoni. Mu Ogasiti 2021 Powerball inawonjezera maere a Lolemba pamwamba pa a Lachitatu ndi Loweruka. Mu Epulo 2025 tikiti ya Mega Millions inafika pa $5.

Jakipoti ya Castro inakula kwa miyezi itatu, maere 40 otsatizana popanda wowina. Dola iliyonse imene inali mu mphika muja inachokera m'thumba la munthu amene anaphonya, ndipo si zonse zimene anthu analipira zinalowa mu mphika: pafupifupi theka la ndalama za matikiti ndi limene limabwerera kwa osewera ngati mphoto, lina limapita ku maboma a zigawo, kwa ogulitsa ndi kwa oyendetsa masewerawo. Mukamva kuti jakipoti yaposa zonse zam'mbuyo, dziwani kuti nkhani yake ndi yoti kuwina kwavuta kuposa kale.

Manambala a mamiliyoni salowa m'mutu, ndiye tiyeni tiwaike m'matumba. Tiyerekeze kuti thumba la chimanga la makilogalamu 50 lili ndi njere pafupifupi 150,000. Njere 292 miliyoni zidzaza matumba pafupifupi 1,950, ndiye kuti malole atatu a matani 30 ndi matumba ena otsala pansi. Wina watenga njere imodzi, waipaka utoto wofiira, waiponya m'thumba limodzi osakuuzani kuti ndi liti. Akumangani nsalu kumaso, akuti pisani dzanja mutole njere imodzi. Kupisa kamodzi ndi $2. Mukaphonya, amasakaniza matumba onse mwatsopano. Ameneyo ndiye Powerball ya ku America.

Yanuyo ya ku South Africa ndi masewera ena ngakhale dzina likufanana, ndipo ndi yofewerapo. Potengera malamulo a mu 2025, pa mzere uliwonse mumasankha manambala 5 mwa 50 ndi imodzi mwa 20, zimene zimapereka mwayi umodzi pa 42,375,200. M'matumba mwathu muja ndi matumba pafupifupi 280, theka la lole. Mzere umodzi ukakhala R5, R20 yanu ndi mizere 4, pasabata 8, pachaka 416, ndalama zake R2,080. Kuti mizere yanu ikwane 42 miliyoni pa liwiro limeneli, pafunika zaka zoposa 100,000. Izi sizikutanthauza kuti simungawine Lachisanu likudzali. Wina amawina ndithu, chifukwa opisa dzanja ndi mamiliyoni. Kuti wina awina n'zosakayikitsa. Kuti winayo mukhala inu, ndi njere yofiira ija.

Alamu anu mwina anganene kuti kuli kubera. Kunachitikapo, ndipo nkhani yake njoyenera kuidziwa. Eddie Tipton anali mkulu woyang'anira chitetezo cha makompyuta ku bungwe la Multi-State Lottery Association, lomwe limayendetsanso Powerball. Anaika kachinsinsi mu kompyuta yosankha manambala, koti pa masiku ena a chaka manambala azikhala oti iye atha kuwadziwiratu. Mu Disembala 2010 anagula tikiti ya masewera a Hot Lotto ku Iowa imene inawina $16.5 miliyoni. Poti wantchito wa bungwelo saloledwa kusewera, anayesa kutenga ndalamazo kudzera mwa maloya, patatsala maola ochepa kuti tikitiyo ithe mphamvu. Akuluakulu a lotale ya Iowa anakana kulipira asanadziwe amene anagula. Apolisi ataulutsa kanema wa m'sitolo mu 2014, anthu amene ankagwira naye ntchito anamuzindikira, ndipo mu 2017 khoti linamugamula kukakhala kundende zaka zofika 25. Onani bwino: anabera pa masewera osankha manambala ndi kompyuta, osati pa Powerball kapena Mega Millions, zimene zimagwiritsa timipira togubuduzika pamaso pa anthu ndi oyang'anira apadera. Ndiponso eni lotale safunika kubera. Masamu awakomera kale. Theka la ndalama ndi lawo tikiti isanasindikizidwe n'komwe.

Kwanuko mukukumbukira phokoso la pa 1 Disembala 2020, pamene PowerBall inatulutsa 5, 6, 7, 8, 9 ndi 10, anthu 20 n'kuwina R5.7 miliyoni aliyense. Anthu anakuwa kuti chinyengo. Koma timipira sitidziwa kuti 6 amatsatira 5. Mzere umenewo uli ndi mwayi wofanana ndendende ndi wina uliwonse, ndipo owina anachuluka chifukwa anthu ambiri amakonda kulemba manambala otsatizana. Phunziro lake ndi laling'ono koma lenileni: palibe nambala yamwayi, ya m'maloto kapena ya kwa sing'anga, imene imakuyandikizitsani ku jakipoti, koma manambala okondedwa ndi ambiri, monga masiku obadwa amene sapitirira 31, amachititsa kuti mukawina mugawane ndi gulu. Njira yokhayo yotsimikizika ndi kugula mizere yonse. Mu Epulo 2023 gulu lina linachitadi zimenezi ku Texas, linagula pafupifupi mizere yonse 25.8 miliyoni n'kutenga jakipoti ya $95 miliyoni, ndipo nkhaniyo inautsa mkangano waukulu m'chigawomo. Pa Powerball ya ku America mungafunike $584 miliyoni, ndipo wina wa tikiti ya $2 atha kugawana nanu.

Tsopano za tsoka, pamene pagona mtima wa alamu anu.

Nkhani zimene amamvazo zilipo, ndipo zina n'zomvetsa chisoni kuposa mmene amazikambira. Pa Khirisimasi ya 2002, Jack Whittaker wa ku West Virginia anawina $314.9 miliyoni, imene panthawiyo inali jakipoti yaikulu koposa yowinidwa ndi tikiti imodzi. Atachotsa msonkho anatsala ndi $113 miliyoni. Sanali mmphawi: anali ndi kampani yake ya zomangamanga, wolemera kale. Anaonekera pa wailesi za kanema atavala chipewa chake chachikulu, akulonjeza chakhumi ku matchalitchi, ndipo anaperekadi, n'kutsegulanso bungwe lothandiza ovutika. Makalata opempha anayamba kubwera m'matumba. Milandu yomusumira inachuluka. Iye anayamba kumwa kwambiri ndi kuyenda ndi ndalama m'chikwama, moti mu 2003 akuba anatenga $545,000 m'galimoto yake ili panja pa malo achisangalalo. Mdzukulu wake wamkazi amene ankamukonda koposa, yemwe ankamupatsa ndalama zambiri ndi magalimoto, analowerera m'mankhwala osokoneza bongo n'kupezeka atafa mu Disembala 2004 ali ndi zaka 17. Banja linatha. Mwana wake wamkazi anamwalira mu 2009. Iye mwini ananena poyera kuti zikanakhala bwino akanaing'amba tikitiyo. Anamwalira mu 2020.

Abraham Shakespeare wa ku Florida anali wosiyana naye m'zonse. Ankathandizira dalaivala wa lole, ndipo kuwerenga kunkamuvuta. Mu 2006 anawina $30 miliyoni, n'kusankha kutenga pafupifupi $17 miliyoni nthawi imodzi. Mnzake wa kuntchito anamusumira kuti anamubera tikiti m'chikwama; khoti linakomera Shakespeare. Anthu ankafola pakhomo pake, wina ngongole ya nyumba, wina maliro, wina bizinesi, iye osatha kukana. Ndalama zitatsala pang'ono, panafika mayi wina, Dorice Moore, amene anati akufuna kulemba za moyo wake ndi kumuthandiza kusamala chuma. Katundu wa Shakespeare anasamukira m'dzina la kampani ya mayiyo. Mu Januwale 2010 mtembo wake unapezeka pansi pa simenti kuseri kwa nyumba ina, ndipo mu 2012 Moore anagamulidwa kukhala kundende moyo wake wonse. Ku Britain amakamba za Michael Carroll, mnyamata wotola zinyalala amene anawina £9.7 miliyoni mu 2002 ali ndi zaka 19, n'kumaliza zonse pofika 2010.

Nkhani zitatu izi n'zoona. Koma nkhani zitatu si chiwerengero. Wowina amene anabweza ngongole ya nyumba, n'kuphunzitsa ana, n'kumakhala phee, mtolankhani samufuna. Palibe agula nyuzipepala kuti awerenge za munthu amene zinthu zikumuyendera bwinobwino. Timamva za ogwa okha, n'kuyesa kuti onse anagwa.

Nanga 7 mwa 10 ija? Kandimverere anakanena za m'maluwa. Kwa zaka zambiri nyuzipepala zinkalemba kuti 70 peresenti ya owina amasauka pasanathe zaka zingapo, zikumati watero ndi bungwe la National Endowment for Financial Education la ku America. Mu Januwale 2018 bungwelo linatulutsa chikalata chokana: linati nambalayo siichokera pa kafukufuku wake aliyense, anangoitchula munthu wina pamsonkhano wa akatswiri mu 2001, anthu n'kuinyamula. Kafukufuku weniweni akunena zina. Ku Sweden, kumene boma limasunga bwino kaundula wa chuma cha anthu, akatswiri a zachuma Erik Lindqvist, Robert Östling ndi David Cesarini anafunsa osewera lotale oposa 3,000 patapita zaka 5 mpaka 22 chiwinire. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2020, zinasonyeza kuti amene anawina zambiri anali okhutira ndi moyo wawo kuposa anzawo, ndipo kukhutirako sikunazilale ndi zaka. Kafukufuku wina wa m'dziko lomwelo anapeza kuti owina ambiri sanasiye ntchito, anangochepetsako pang'ono, ndalamazo n'kumadya pang'onopang'ono. Ku Florida, kafukufuku wa mu 2011 anapeza kuti anthu amene anawina pakati pa $50,000 ndi $150,000 sanapulumuke ku ngongole zowagwetsa, anangochedwa kugwa. Ndimamva motere: ndalama sizisintha kayendetsedwe ka munthu, zimangomupatsa msewu wautali woti ayendemo mmene amayendera kale.

Koma ndisakunamizeni, Sweden si Ndirande, si Hillbrow. Munthu wa ku Sweden akawina, mbale wake ali kale ndi chipatala cha boma chokhala ndi mankhwala, ana a mlongo wake ali pasukulu, palibe akudikira feteleza kwa iye. Mphoto zakenso sizinali za mabiliyoni. Chimene chinapha Shakespeare ndi kusokoneza Whittaker, mukachiyang'anitsitsa, ndi chimodzi: aliyense ankadziwa dzina lawo, nkhope yawo ndi khomo lawo. Limene alamu anu akulitcha tsoka, ine ndimalitcha kudziwika. Ndipo pa ichi ife tili pafupi ndi Shakespeare kusiyana ndi anthu a ku Sweden. Inu mukudziwa zimene zimachitika mukangotsika basi pa Wenela ndi zikwama ziwiri za ku Joni: achibale amene simunawaonepo amakhala atafika nsima isanapse. Onjezerani mamiliyoni pamenepo. Mukapatsa onse, zitha. Mukamana ena, mawa mumva kuti munakhwima, kuti maliro a chaka chatha aja ndinu. Ku Johannesburg komweko, kungodziwika kuti mlonda uja ali ndi mamiliyoni ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

N'chifukwa chake nkhondo yaikulu ya owina masiku ano ndi yobisa dzina. Ku California lamulo limati dzina lilengezedwe, ndipo Castro naye anasumiridwa ndi munthu wina amene ankati tikitiyo inali yake, ngakhale akuluakulu a lotale anatsimikiza kuti mwini wake ndi Castro. Ku New Hampshire mu 2018, mayi amene anawina $559.7 miliyoni anapita kukhoti kukapempha kuti dzina lake lisatuluke, ndipo woweruza anamuvomera. Ku Britain ndi ku South Africa wowina amasankha yekha. Bambo wa ku Cape Town amene anawina R232 miliyoni ya PowerBall mu Febuluwale 2019, pa tikiti yogulidwa ku Goodwood, sanalole kuti dzina lake lituluke. Simunamvepo nkhani yake yomvetsa chisoni, ndipo mwina chifukwa chake n'chomwecho.

Komabe kubisala sikutseka makomo onse. Mayi wa ku South Carolina amene anawina $1.537 biliyoni mu Okutobala 2018 anachita zonse zimene akatswiri amalangiza. Anakhala chete kwa miyezi yoposa inayi, anabisa dzina, anapeza loya wodziwika pa nkhani za owina lotale, Jason Kurland, n'kukatenga pafupifupi $877 miliyoni mu Malichi 2019. Loya yemweyo ndi amene anamudyera. Kurland ankalowetsa ndalama za anthu ake m'mabizinesi amene iye ndi anzake ankapindula nawo mobisa, ndipo owina angapo pamodzi anataya ndalama zoposa $100 miliyoni. Khoti linamupeza wolakwa mu 2022, n'kumugamula zaka 13 mu 2023. Mayiyo sanasauke, koma wakuba wake anali atavala taye ndipo anamulemba ntchito yekha. Mlangizi mmodzi yekha wogwira makiyi onse ndi woopsa ngati m'bale wadyera. Loya akhale wina, wowerengera ndalama wina, banki ina, ndipo asakhale anthu obweretsana.

Alipo amene anadziwika koma osagwa. Colin ndi Christine Weir a ku Largs, ku Scotland, anawina £161 miliyoni mu Julayi 2011, anatulukira poyera, anatsegula bungwe lothandiza anthu, anathandiza chipani cha Scottish National Party ndi timu ya mpira ya Partick Thistle. Banja lawo linatha mu 2019, chaka chimene Colin anamwalira. Alamu anu anganene kuti si limenelo tsoka. Ine ndingati mabanja amatha ndipo anthu a zaka 70 amamwalira ngakhale kwa amene sanagulepo tikiti.

Uthenga wa pa WhatsApp uja ufufuteni. Mwina dzina lake ndi Mavis Wanczyk, chifukwa ndi limene akamberembere amalikonda. Mayiyu alipodi: ankagwira ntchito pachipatala china ku Massachusetts, anawina $758.7 miliyoni mu Ogasiti 2017, anaonekera pa wailesi za kanema, n'kuuza abwana ake kuti sabweranso. Kuyambira pamenepo dzina ndi chithunzi chake zakhala zikugwiritsidwa ntchito ndi mbava pa Facebook, pa WhatsApp ndi m'makalata a pa intaneti, moti apolisi a kwawo ku Chicopee anachenjezapo anthu. Njira yake simasintha. Amakuuzani kuti mwasankhidwa, kenaka pakufunika kandalama kochepa kotumizira, kenaka ka msonkho, kenaka ka kasitomu. Ndi anthu a mtundu womwewo ndi aja amaimba foni kumudzi kuti mwawina, tumizani kaye ya mayunitsi. Lotale yeniyeni siifuna kuti mulipire kuti mulandire mphoto, ndipo simungawine lotale imene simunagule tikiti yake. Mukayankha uthengawo ngakhale pongotukwana, mwawauza kuti nambala yanu ili ndi mwini.

Za R40 yanu ya pasabata, sindikuuzani kuti musiye ngati kuti ndinu mwana. Ngati ndi ndalama imene mukanamwera zoziziritsa kukhosi, ndipo imakugulirani maloto a masiku awiri muli pa geti usiku, mtengo wake mukuudziwa tsopano. Koma ikayamba kudya ya lendi kapena yotumiza kunyumba, kapena mukaona kuti jakipoti ikakula mukugula ya R200 poti mwayi wakula, pamenepo imani. Mwayi sukula ndi jakipoti, chimakula ndi chiwerengero cha anthu oti mugawane nawo. R2,080 ya pachaka ija mukaiika m'chipereganyu cha anzanu, mwezi wanu umafika ndithu.

Mukapitiriza kugula, pali tinthu tiwiri toti muchite lero. Lembani dzina lanu ndi nambala ya chiphaso kuseri kwa tikiti mukangoigula, chifukwa tikiti yopanda dzina ndi ya amene waigwira. Izi n'zofunika kwambiri kwa ife alendo: mphoto yaikulu salipira pa kauntala ya sitolo, amafuna chiphaso chovomerezeka ndi akaunti ya kubanki, ndipo munthu amene mapepala ake sali bwino amakopeka kutuma mnzake kuti akamutengere. Mnzakeyo akakana kubweza, pepala limene lili m'manja mwa eni lotale lili ndi dzina lake, osati lanu. Chachiwiri, isungeni pouma, kutali ndi dzuwa ndi ayironi, chifukwa pepala lake limada likatenthedwa, ndipo muziiyang'ana maere akachitika. Ku South Africa muli ndi masiku 365 oti mukatenge mphoto. Ku Britain ndi masiku 180, ndipo mu Juni 2012 tikiti ya EuroMillions yogulidwa cha ku Stevenage ndi Hitchin inawina £63.8 miliyoni. Eni lotale anaika zikwangwani, analengeza m'misewu, anthu anagwedeza matumba a majekete ndi kusuzumira pansi pa mipando ya galimoto. Disembala atafika masiku anatha, ndalamazo zinapita ku ntchito zachifundo, mwini tikiti osaoneka.